Wa zaka 11 wakula, wa zaka 14 ayi: zokambirana pa gulu la makolo a ku Angónia

NaPhiri (Domue): Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo, ndaona kuti ndiitule pano poti pali anamwino ndi aphunzitsi. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 14 ndi miyezi ingapo koma sanagwe m'dothi. Wa mng'ono wanga, wa zaka 11 zokha, wakula mwezi wathawu. Tsopano apongozi akuti wangayu alipo anamumanga, tipite naye kwa asing'anga. Mwanayonso wayamba kudzikayikira chifukwa anzake onse m'kalasi akusamba. Nditani ine?

NaBanda (Tsangano): Pepani mana. Koma mabere anayamba?

Enfermeira NaJere (Ulongwe): NaBanda afunsa zenizeni. Ndiwonjezerepo ziwiri: mwanayo akutalika kapena waima? Nanga inuyo mayi ake munakula muli ndi zaka zingati?

NaPhiri (Domue): Mabere anayamba chaka chatha, nthawi yokumba mbatatesi. Kutalika ndiye musanene, masiketi a yunifolomu onse amuthawa. Ineyo ndinakula mochedwa, ndili ndi zaka 15 kapena 16, nkhondo itangotha tikubwerera kwathu kuchokera ku Dedza.

Enfermeira NaJere (Ulongwe): Ndiye mtima m'malo, mayi. Palibe anamumanga, watengera inu. Msambo si chiyambi cha kutha msinkhu, umabwera kumapeto. Kwa mtsikana choyamba ndi kabere kotupa pansi pa nsonga, ndipo kakhoza kuyamba nthawi ina iliyonse kuyambira zaka 8 mpaka 13. Kenako amatalika mofulumira. Msambo umafika pakatha zaka ziwiri kapena ziwiri ndi theka chiyambire mabere. Wanuyu wangotha chaka chimodzi, ndiye ali m'njira. Wa mng'ono wanu nayenso ali bwino, anangoyamba msanga.

Amene timafuna kumuona ku centro de saúde ndi uyu: wafika zaka 13 mabere osayamba n'komwe, wafika 15 osasamba, kapena patha zaka zitatu chiyambire mabere magazi osaoneka. Winanso ndi amene m'mimba mumamupweteka mwezi ndi mwezi koma osatuluka kanthu, chifukwa nthawi zina njira imakhala yotsekeka magazi n'kumaunjikana mkati. Wa zaka zosafika 8 akayamba mabere kapena kusamba, ameneyonso mubwere naye. Atsikana ambiri amachita manyazi pamzere wa akuluakulu, ndiye funsani khomo la SAAJ, n'la achinyamata okhaokha.

Agogo NaNgozo (Fonte Boa): Ndine mdzukulu wawo, ndikulemba zimene akunena. Akuti iwo alanga anamwali zaka zambiri, ndipo kale mtsikana ankakula ali wamkulu ndithu, wotha kusenza mtsuko wodzaza kuchokera kudambo. A lerowa akukula akadali makanda chifukwa cha zimene akuona m'mafoni. Akuti maso akaona, thupi limatsatira.

aMwale (Moatize): Agogo ayankhula. Ife tizingomvera.

Aphunzitsi aMbewe (Lifidzi): Zikomo agogo, ndikupatsani ulemu wanu. Zoti kale atsikana ankakula mochedwerapo mwanena zoona, ndipo ndibwererako. Koma poyamba ndifotokoze kumene nkhaniyi imayambira, chifukwa ana anga a Biologia nawonso amaganiza kuti imayambira m'chiuno. Imayambira m'mutu.

Pansi pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus. Pansi pake palendewera kanthu kakang'ono, kukula kwake ngati njere ya nsawawa, kokhala m'kachibowo ka fupa kuseri kwa mphuno. Ndiye pituitary ameneyo, m'mabuku athu a Chipwitikizi amalemba hipófise. Hypothalamus amatulutsa homoni (mankhwala opangidwa ndi thupi lokha onyamula uthenga m'magazi) yotchedwa GnRH, imene imatsika ndi timitsempha tatifupi kupita ku pituitary. Pituitary akailandira amathira m'magazi mahomoni awiri, LH ndi FSH. Awiriwa ndi amene amayenda mpaka kumunsi. Kwa mtsikana amadzutsa mabasiketi a mazira kuti ayambe kukhwimitsa mazira ndi kupanga estrogen, ndipo estrogen ndi amene amakulitsa mabere, chiuno ndi chiberekero. Kwa mnyamata LH amauza machende kuti apange testosterone, homoni yachimuna, FSH n'kuthandiza kuti mbewu ya abambo iyambe kupangidwa.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti zonsezi mwana amabadwa nazo zili zokonzeka. Pa miyezi yoyambirira ya khanda zimagwira ntchito pang'ono, kenako ubongo umazitseka, n'kukhala zii zaka zonse za ubwana. Ikakwana nthawi, ubongo womwewo umamasula. Ndipo umayamba usiku mwana ali mtulo. Kwa miyezi yambiri LH amakwera usiku wokha, masana n'kutsika, makolo osaona kanthu. Pamene mukuona kabere, m'mutumo ntchito inayamba kalekale.

NaPhiri (Domue): Ndiye kuti wangayu m'mutu mwake zayamba kale?

Aphunzitsi aMbewe (Lifidzi): Kalekale, mayi. Siketi yafupikayo ndiye umboni wake.

aMwale (Moatize): Aphunzitsi, ngati ndi homoni chabe, bwanji osangomubaya mwana jakisoni wa GnRH yo wambiri, nkhani ithe lero lomwe, apongozi agone?

Aphunzitsi aMbewe (Lifidzi): Apa mpamene pali chodabwitsa, aMwale. GnRH satuluka ngati madzi a pampopi. Amatuluka pang'ono, n'kuleka, n'kutulukanso, kwa munthu wamkulu pafupifupi ola lililonse kapena maola awiri. Taganizani mayi akusinja. Musi umagunda, n'kukwera, n'kugundanso. Mutangoukanikiza mumtondo osaukweza, ngakhale mutakhala ndi mphamvu bwanji, chimanga sichikonoka. Pituitary nayenso amamva kugunda ndi kupumira. Wasayansi wina, Ernst Knobil, anazionetsa pa anyani ku Pittsburgh mu 1978: atawapatsa GnRH pang'onopang'ono ola lililonse, LH ndi FSH anatuluka bwino, atawapatsa mosalekeza, pituitary anangoti zii, osayankhanso. Ndiye jakisoni wanu wambiriyo, atakhala wokhalitsa m'thupi, akanaimitsa zinthu m'malo mozifulumizitsa. Madokotala amagwiritsadi ntchito nzeru imeneyi poimitsa kaye mwana amene wayamba kutha msinkhu ali ndi zaka 5 kapena 6.

Homoniyi kuti aidziwe maonekedwe ake zinali mu 1971, gulu la Andrew Schally litafinya ubongo wa nkhumba zankhaninkhani. Iye ndi Roger Guillemin analandira mphoto ya Nobel mu 1977 chifukwa cha ntchito ya mahomoni a mu ubongo.

aMwale (Moatize): Nkhumba zonsezo kungotengako ubongo? Nyama inapita kuti? Anthu a ku Angónia tikanathandiza.

NaBanda (Tsangano): Kkkkk aMwale inu.

Agogo NaNgozo (Fonte Boa): Akuti aphunzitsi asathawe, ayankhe za kale ndi lero.

Aphunzitsi aMbewe (Lifidzi): Sindithawa agogo. Ubongo usanamasule umayamba wafufuza ngati thupi lili ndi chakudya chokwanira. Mafuta a m'thupi amatulutsa homoni yake, leptin, imene imafika ku ubongo kukanena kuti nkhokwe zilimo. Mu ubongomo muli timaselo totulutsa homoni ina yotchedwa kisspeptin, ndipo timeneti ndi timene timadzutsa GnRH. Kufunika kwake asayansi anakuzindikira mu 2003, ataona mabanja ena amene ana awo sankatha msinkhu chifukwa thupi lawo silinkamva kisspeptin. Tsono mwana woonda kwambiri, wodwaladwala, wolima ndi kusenza tsiku lonse akudya kamodzi, ubongo wake umachedwetsa. Mwana wonenepa, makamaka wamkazi, kawirikawiri amafulumira. M'mayiko ambiri zaka zoyambira kusamba zatsika pamene anthu ayamba kudya mokwanira ndi kudwala mocheperako. NaPhiri akuti anakula pobwerera kuchokera kothawa nkhondo. Tonse tikudziwa mmene kadyedwe kanalili nthawi imeneyo. Chachiwiri ndi mtundu: mayi wochedwa amabereka wochedwa.

Za foni, ndikuvomera kuti imaononga khalidwe ndi tulo ta ana, ine ndimalanda mafoni m'kalasi mlungu uliwonse. Koma kuti chithunzi chimeretse mabere, ayi agogo, pamenepo ndikukana.

Agogo NaNgozo (Fonte Boa): Akuti za njala avomera, chaka cha njala anamwali ankachepadi. Za foni akuti aphunzitsi akadali mwana, adzaona okha.

aNkhoma (Furancungo): Ine ndangowerenga zonse. Funso langa ndi lina. Mwanena kuti ubongo umamasula ukaona kuti thupi lakwana. Ndiye mtsikana akagwa m'dothi si ndiye kuti thupi lanena lokha kuti lakonzeka? Makolo athu ankati wakula wakula. Bwanji lero boma likutiletsa kulandira mkamwini?

Enfermeira NaJere (Ulongwe): aNkhoma, ndiyankha mosapsatira chifukwa ndine amene ndimawalandira ana amenewa ku maternidade usiku. Magazi oyamba amangotanthauza kuti chiberekero chayamba kumva mahomoni. Satanthauza kuti ntchito yatha. Mafupa a m'chiuno amapitiriza kukula zaka zingapo msambo utayamba. Mwana wa zaka 13 akhoza kutenga mimba, inde, koma njira yoti mutu wa khanda udutse ikadali yopapatiza. Amavutika masiku awiri kapena atatu, khanda n'kufera m'mimba, iye n'kutsala akudontha mkodzo usana ndi usiku, matenda aja timati fistula. Kuthamanga kwa magazi kofika pokomoka kumagwiranso kwambiri ana oterewa. Ndipo ubongo womwe unayambitsa zonsezi, mbali yake yakutsogolo yoganiza za mawa imakhwima munthu atapitirira zaka 20. Lamulo nambala 19/2019 loletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18 silinabwere kudzanyoza makolo. Amene wapereka mwana ndi amene wamutenga onse ali ndi mlandu.

aNkhoma (Furancungo): Mwandikalipira, enfermeira. Ine ndimangofunsa.

Enfermeira NaJere (Ulongwe): Sindikukalipirani bambo, funso lanu ndi labwino, ambiri amaliganiza koma osalinena. Nkhaniyi imangondiwawa.

Agogo NaNgozo (Fonte Boa): Akuti pamenepa ali mbali ya anamwino. Akuti mwambo weniweni unkati namwali akatuluka m'tsimba adikire, ndipo iwo masiku ano amalangiza za ukhondo ndi ulemu, n'kumubweza mwana kusukulu Lolemba. Koma akuti achipatala nawonso asamaone anamkungwi ngati adani, chifukwa mtsikana akaona magazi sathamangira kwa dokotala, amathamangira kwa azakhali.

Enfermeira NaJere (Ulongwe): Zoona agogo. Ndiye ndikupempheni chimodzi choti muziwauza. Zaka ziwiri zoyambirira msambo umadumphadumpha, mwezi uno wabwera, miyezi iwiri osaoneka, chifukwa ubongo ndi mabasiketi a mazira sizinazolowerane. Si matenda. Koma asanamizidwe kuti poti ukudumpha sangatenge mimba. Dzira limatuluka magazi asanabwere, masiku pafupifupi 14 msambo usanafike. Choncho ngakhale amene sanaonepo msambo n'kamodzi komwe akhoza kuima, ngati dzira lake loyamba lakumana ndi mwamuna.

aMwale (Moatize): Nthabwala pambali. Mnyamata wanga wa zaka 13 watupa bere limodzi, kakhala kolimba pansi pa nsonga, akuti kamapweteka akakhudza. Wasiya kuvula malaya posewera mpira. Anzake akumutcha mlongo. Zimenezi n'zabwinobwino?

Enfermeira NaJere (Ulongwe): Zimachitika kwa anyamata ambiri, bambo. Testosterone ikayamba kuchuluka, ina thupi limaisandutsa estrogen, ndipo kabere kamamva. Kamatha kokha, kawirikawiri pasanathe zaka ziwiri. Asamakafinye, asakapake mankhwala, musamutemere mphini. Kakamakulirakulira, kakatulutsa madzi, kapena mukaona chotupa kumachende, mubwere naye.

Aphunzitsi aMbewe (Lifidzi): Ndiwonjezere za anyamata poti timawaiwala. Iwo amayamba pakati pa zaka 9 ndi 14, ndipo chizindikiro choyamba makolo sachiona: machende amakula. Mawu a besi, ndevu ndi kutalika zimabwera pambuyo. N'chifukwa chake m'kalasi 7 atsikana amaoneka ngati azakhali a anyamata, koma pofika kalasi 10 anyamata awapitirira. Fungo la m'khwapa, ziphuphu ndi tsitsi loyamba lakumalo obisika, zimenezo zimayambitsidwa makamaka ndi tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso, ndiye mwana akhoza kununkha thukuta la chikulu zenizenizo zisanayambe. Mnyamata wofika zaka 14 popanda kusintha kulikonse akaonedwe. Ambiri amangokhala ochedwa ngati bambo awo. Koma alipo ochepa amene GnRH satuluka n'komwe chibadwire, ndipo ena mwa iwo samva fungo, ngakhale la nyama yowotcha. Amenewo amatchedwa matenda a Kallmann, ndipo mankhwala a mahomoni amawathandiza.

Make Mphatso (Calomue): Moni nonse, ndalowa mochedwa, netiweki kuno kumalire ikungosinthasintha. Ine langa ndi la ine mwini. Mwana wanga ali ndi miyezi 8, ndikuyamwitsa, msambo sunabwerere. Apongozi akuti bola ukuyamwitsa sungatenge mimba. Bambo ake akugwirizana nazo kwambiri, mukudziwa kale chifukwa chake.

NaBanda (Tsangano): Ine wachitatu wanga anabwera ndi nzeru yomweyo. Samala mng'ono wanga.

Enfermeira NaJere (Ulongwe): Apongozi anena zoona theka. Ndi pituitary yemweyo. Mwana akamayamwa, uthenga umachoka pansonga ya bere kupita ku ubongo, pituitary n'kutulutsa prolactin wopangitsa mkaka, komanso oxytocin wofinya mkakawo kuti utsike. Kuyamwa pafupipafupi kumasokoneza kugunda kwa GnRH kumene aphunzitsi anafotokoza, ndiye dzira silikhwima. Koma njira imeneyi timaidalira pokhapokha zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Wanuyo ali ndi miyezi 8, akudya phala, akuyamwa mopumira. Ubongo ukhoza kuyambiranso tsiku lililonse, ndipo monga ndanena, dzira limatsogola, magazi amatsatira. Mukapita kusikelo mulowenso ku planeamento familiar, kwa za kulera.

Make Mphatso (Calomue): Koma jakisoni wa Depo ndimamuopa. Amati amaumitsa chiberekero.

Enfermeira NaJere (Ulongwe): Saumitsa. Mwezi uliwonse estrogen akakwera kwambiri, pituitary amatulutsa LH wambiri nthawi imodzi, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka dzira limatuluka. Depo ali ndi mankhwala ofanana ndi progesterone, homoni imene imakwera m'thupi la mayi dzira likatuluka, ndipo mankhwalawo amapangitsa ubongo kuti usatumize LH wochulukayo. Dzira limangokhala osatuluka. Mkati mwa chiberekero mumapyapyala, n'chifukwa chake ena sasamba, si kuti magazi akuunjikana penapake. Choona n'chakuti mukasiya, mphamvu yake imachedwa kutha m'thupi, ena amadikira miyezi yambiri mpaka chaka asanatenge mimba. Ngati mukufuna wina posachedwa, nenani, njira zilipo zina: mapiritsi a oyamwitsa, implante, lupu, makondomu.

NaBanda (Tsangano): Enfermeira, mwatchula mkaka mwandikumbutsa msuweni wanga. Anachira kunyumba zaka zitatu zapitazo, anataya magazi ambiri mpaka kukomoka, anamutengera kuchipatala pangolo. Anapulumuka, koma mkaka sunatuluke n'dontho lomwe, msambo sunabwererenso mpaka lero. Amangokhala wofooka, amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala, tsitsi la m'khwapa linathothoka. Kumudzi akuti ndi tsempho, ena akuti mkazi mnzake anamuchita.

Enfermeira NaJere (Ulongwe): NaBanda, sindingamuyeze pafoni, koma zimene mwafotokozazo zikufanana kwambiri ndi matenda a Sheehan, ndipo si nkhani yodikira. Mayi akakhala woyembekezera pituitary amakula pokonzekera mkaka, ndiye amafuna magazi ambiri. Akataya magazi kwambiri pobereka, kanthuko kamasowa magazi n'kufa mbali ina. Prolactin akasowa, mkaka palibe. LH ndi FSH akasowa, msambo palibe. Koma pituitary amalamuliranso chithokomiro chapakhosi ndi tiziwalo tapamwamba pa impso tija, n'chifukwa chake akufooka ndi kuzizidwa. Choopsa chili pamenepo: malungo wamba akhoza kumugwetsa mpaka kufa chifukwa thupi lilibe homoni yolimbana ndi matenda. Apite ku centro de saúde, afotokoze zonse kuyambira tsiku lobereka, apemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu ku Tete kuti akayezedwe magazi. Mahomoni osowawo amabwezeredwa ndi mapiritsi, munthu n'kudzukanso. Jakisoni amene timabaya pantchafu mwana akangobadwa ndi oxytocin, amafinya chiberekero kuti magazi asatayike chonchi. Kunyumba kulibe.

NaBanda (Tsangano): Mayo ine. Zaka zitatu tikumwetsa mizu. Ndimuimbira mwamuna wake usiku uno, ndalama ya chapa tisonkha.

Aphunzitsi aMbewe (Lifidzi): Palinso china chotsutsana nacho. Mayi wosayamwitsa, wopanda mimba, koma mkaka ukutuluka ndipo msambo waima. Nthawi zina ndi kachotupa kosakhala khansa pa pituitary kotulutsa prolactin wambiri. Kakakula kamakanikiza mitsempha ya maso imene imadutsa pamwamba pake, munthu n'kumamva mutu ndi kusaona zam'mbali. Kwa abambo kamachepetsa chilakolako ndi mphamvu kuchipinda.

Enfermeira NaJere (Ulongwe): Eya, ndipo kambiri kamafota ndi mapiritsi okha, bromocriptine kapena cabergoline, mayi n'kubereka. Mankhwala ena a matenda a maganizo amakwezanso prolactin, ndiye munthu azinena zonse zimene akumwa.

aMwale (Moatize): Lomaliza ine. Kuno anyamata onyamula zitsulo akubayana testosterone kuti atupe minofu. Mphwanga wayamba nawo, ali ndi zaka 22, wangokwatira kumene. Akuti zimawonjezera ubambo.

Aphunzitsi aMbewe (Lifidzi): Muuzeni kuti akudzitsekera yekha. Ubongo umayeza testosterone m'magazi nthawi zonse. Ukaona kuti wachuluka umachepetsa GnRH, pituitary n'kusiya kutumiza LH ndi FSH. Machende akasowa uthenga amafota, mbewu imachepa mpaka kutheratu, chonsecho munthu kunja akuoneka chimphona. Mbewu imatenga miyezi iwiri ndi theka kuti ipangidwe, ndipo akasiya jakisoniyo pamatha miyezi yambiri, ena kupitirira chaka, kuti zibwerere. Pakatha zaka ziwiri opanda mwana, abale adzayamba kuloza chala mkazi wake.

aMwale (Moatize): Ndimutumizira uthengawu momwe ulili, asadzati ndapeka ndine.

aNkhoma (Furancungo): Nanga amayi akasiya kusamba pa zaka 50, ndi ubongo womwewo watseka?

Enfermeira NaJere (Ulongwe): Ayi, pamenepo ubongo ukadali kutumiza, FSH amakwera kuposa kale. Ndi mazira amene atha. Nkhani yake ndi yaitali, ya kutentha thupi usiku ndi zina, ndipo ine ndikulowa ntchito 19 koloko. NaBanda, msuweni wanuyo akanyamuke ndi khadi lake la sikelo ya mimba ija ngati likadalipo, ndipo asapite yekha.